Njinga ya Mng'ono Wanga M'galimoto ya Mkazi Wanga

1

Ntchito yanga ndi yogwira anthu abodza. Ndimagwira pa kampani ya inshuwalansi, ndipo galimoto ikachita ngozi amatuma ine kukaiona. Mwini wake amanena zake, ine ndimagwada n'kuyang'ana pamene papindika ndi pamene penti yasupuka, basi ndadziwa ngati anagundidwadi kapena anagunda yekha chipata atakhuta mowa. Anzanga ku ofesi amanditcha Diso. Dzinali ndinkalikonda, ndipo ndinkadzitama kuti ine munthu sindimufunsa zambiri, chitsulo chimandiuza chokha. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtundu wa chitsiru chimene chikukulemberani.

Mkazi wanga amaphika makeke a maukwati ndi a maphwando. Chifukwa cha makekewo anagula galimoto yaitali kumbuyo, ija amati siteshoni wagoni, yoti ukapinda mipando yakumbuyo buti yake imatambalala mpaka munthu wamkulu angagonemo. Buti imeneyo ankaisamala kuposa khitchini. Ana athu awiri sankaloledwa kuikamo mpira kapena nsapato za matope. Ine ndemwe ndinayesapo kuikamo thumba la feteleza wa maluwa, ndipo zimene ndinamva tsiku limenelo sindinaziiwale.

Lamlungu lina masana ndinatsegula butiyo kuti ndione ngati tayala la sipeya lili ndi mpweya. Maso anga anagwera pa timadontho takuda tondondozana m'mbali mwa kapeti. Ndinagwada monga mwa ntchito yanga. Anali mafuta a tcheni cha njinga. Chapafupi panali pokalika pamene pedulo inakhula pulasitiki, osati kamodzi, chifukwa mikwingwirima ina inali yakale, ina yatsopano. Kunyumba kwathu kulibe njinga.

Ndikanatseka buti n'kukamwa tiyi bwenzi lero ndili ndi banja. Koma ndinapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kutulutsa kachingwe ka mphira kodula ku chubu chakale. Kumapeto kwake kunali kochekedwa pakati ngati mchira wa nsomba. Pa dziko lonse lapansi ndikudziwa anthu atatu okha odula mphira motero. Wina ali kumanda, wina ndine, wachitatu ndi mng'ono wanga.

2

Malemu bambo athu anali okonza njinga. Ine ndi mng'ono wanga tinakulira mu shopu yawo, manja ali bii ndi girisi. Makasitomala ena ankabwera ndi galimoto kudzatenga njinga zawo, ndipo bambo anali ndi kalowetsedwe kawokawo. Umamasula buleki yakutsogolo, n'kuchotsa tayala, manati n'kuwabwezera pomwepo kuti asasowe. Nsonga za foloko yogwira tayalalo umazikulunga ndi kansanza kuti zisabaye mpando. Njinga imalowa chammbuyo, chogona, mbali ya tcheni ili pamwamba, handulo utaipotoza. Pomaliza tayala lochotsa lija umalimangirira ku felemu ndi mphira, osamanga mfundo, kungozunguliza n'kutsomeka mchira wa nsomba uja kunsi. Ankati womanga mfundo pa mphira ndi munthu wosakhulupirira mphira.

Ine ndinapita kusukulu n'kuvala tayi. Mng'ono wanga, amene tonse timamutcha Sipoko chifukwa cha kuonda ngati sipoko ya njinga, anatsala ndi shopu. Ndinene mosabisa, mwana ameneyu ndakhala ndikumuchitira nsanje kuyambira ali pamsana. Akalowa m'nyumba aliyense amaseka. Amayi akamuona nkhope imawala, ine akandiona amakumbukira kuti denga likudontha. Ndine amene ndimathandiza banja lonse, koma wokondedwa ndi iye, wosakwatira, wopanda ngakhale firiji. Ndipo mkazi wanga, amene nthabwala zanga amangozimwetulira mwaulemu, za Sipoko ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Madzulo a tsiku lomwelo, tikudya, ndinaponya mbedza.

"Kodi Sipoko mwamuonako masiku ano? Wasowatu."

Supuni ya mkazi wanga inaima pang'ono m'malere. "Alamu? Ayi. Bwanji, pali nkhani?"

"Palibe. Ndimangofunsa."

"Muwaimbire foni, si m'bale wanu?" anatero, maso ali m'mbale. Kenaka anatembenukira kwa mwana wathu wamng'ono n'kuyamba kumukalipira za homuweki.

Zaka zonse za ukwati wathu mkaziyu anali asanandinamizepo, ndiye bodza lake linali loonekera ngati la mwana. Mphira ija inali m'thumba la buluku langa, ndikuifinya mpaka zala kuchita dzanzi. Ndikanangoitulutsa n'kuiika patebulo. Koma Diso sagwira ntchito motero, amayamba wasonkhanitsa umboni wonse.

3

Ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu mkazi wanga ankatuluka dzuwa litapendeka, akuti akukapereka makeke. Koma mu uvuni munali mozizira, ndipo buti inkachoka yopanda kanthu. Ndinayambanso kuona kuti m'mawa wa masiku amenewo amaphika kampoto kapadera. Tsiku lina ndinalawa mobisa. Munalibe mchere.

"Ichi n'cha ndani?"

"Cha kasitomala wina, sadya mchere."

"Mwayamba liti kuphikira makasitomala ndiwo?"

"Bambo a ana, muchedwa kuntchito," anatero akutseka bakuli.

Lachisanu ndinanamizira kuti ndikukaona galimoto yangozi, ndipo ndinalunjika ku shopu ya Sipoko. Ndinapeza loko ali lende. Telala woyandikana naye anasuzumira pawindo, tepi ili m'khosi.

"Achimwene ake eti? Mwalemba m'madzi. Masiku ano Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu satsegula. Amakwera njinga m'mamawa, osaonekanso. Ife timangoti mwina wapeza wachikondi," anatero n'kuseka. Ine ndinasekanso mongodzikakamiza.

Ndinakaimika galimoto yakuntchito kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pamphambano yolowera kwa Sipoko. Ndinadikira mpaka msana kuwawa. Chakumadzulo galimoto ya mkazi wanga inatulukira. Sinakhote kulowera kunyumba kwa Sipoko ayi, inaima pakona, pansi pa mtengo, pamalo poti anthu a mumsewu wake sangaone.

Mpando wakutsogolo unali wogonekedwa, ndipo mng'ono wanga anali atagonapo chagada, maso ali chitsinzinire, ngati munthu wokhuta zabwino. Mkazi wanga anatsika, natsegula buti, nakoka njinga yekha. Anamasula mphira, nalowetsa tayala mu foloko, namanga manati ndi sipanala, nakola buleki, naiyesa kawiri. Mkazi amene ine ndinalephera kumuphunzitsa kusintha babu! Kenaka anatsegula chitseko, nagwira Sipoko m'khwapa kumudzutsa, namupukuta pachipumi ndi mpango wake, namupatsa bakuli lija. Sipoko ananena kanthu kena, mkazi wanga n'kuseka kuseka kuja. Anakwera njinga n'kupalasa pang'onopang'ono kulowa mumsewu wake ngati munthu wochokera kuntchito, ndipo mkazi wanga anaima pomwepo kumuyang'ana mpaka atalowa pageti.

Chinandipweteka kwambiri si mpango kapena kuseka. Ndi sipanala ija. Ndinkaona m'maganizo Sipoko ataima kumbuyo kwake, manja ake ali pamwamba pa manja a mkazi wanga, akumuonetsa mopotokolera nati. Ndinakhala m'galimoto mpaka womwetsa mafuta anabwera kudzandifunsa ngati ndili bwino.

4

Nsanje ndi matenda oti wodwalayo amadziona ngati dokotala. Masabata otsatira ndinakhala munthu waulemu kwambiri panyumba, ulemu woopsa. Mkazi wanga akandipatsa tiyi ndinkathokoza ngati mlendo. Akandigwira paphewa ndinkasuntha. Ndinkayang'ana ana anga pankhope kufunafuna mphuno ya Sipoko, ndipo poti ndi m'bale wanga, ndinkaipezadi.

"Mwatani kodi masiku ano?" anandifunsa tsiku lina akusita malaya anga. "Ngati ndakulakwirani nenani."

"Mwandilakwira ngati?"

Anaika simbi pambali. "Pali zinthu zina zoti si ine woyenera kuzinena," anatero motsitsa.

Lero ndikudziwa kuti pamenepo anali atanditsegulira chitseko. Tsiku limenelo ndinangomva kuti wavomera mlandu.

Ndinapita kukamuona Sipoko tsiku limene ankatsegula shopu. Kunja kunali kotentha koma iye anali atavala malaya a manja aatali, omanga mabatani mpaka m'mikono. Ndinati mumtima, taonani, wayamba kutchena. Anali ataondanso kwambiri, maso atalowa, ndipo ndinati ndi chikumbumtima chikumudya. Njinga yolemera ya kasitomala anainyamula ndi dzanja limodzi lamanja, lamanzere ataliphatika pamimba. Zimenezi ndinaziona bwino lomwe, koma sizinkakwana m'nkhani imene ndinali nditaimaliza kale, choncho ndinazitaya.

"Achimwene! Lero mvula igwa, mwatikumbukira," anatero akumwetulira.

"Ndimadutsa. Ntchito ikuyenda?"

"Ikukwawa. Loweruka tikumana kwa amayi eti? Ndili ndi nkhani yoti tikambirane, koma phwando lithe kaye. Mwina Lamlungu."

"Nkhani yanji?"

"Ya amuna awiri. Si ya pamsewu."

Ndinamuyang'ana m'maso ndipo iye anayang'ana pansi. Ndinati, khoswe wakhala pamkhate uyu, akufuna adzandipepese mwakachetechete kuti ndisowe pomugwira. Ndinalumbira kuti sindimupatsa mpata umenewo. Ndinkafuna amayi, amene moyo wanga wonse akhala akundiuza kuti ndizimusamala mng'ono wanga, aone ndi maso awo mwana wawo wapamtima.

5

Loweruka linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa amayi. Tinasonkhana kunyumba kwawo, ife ndi ana, mlongo wanga ndi mwamuna wake, azakhali, ndi amayi awiri oyandikana nawo nyumba. Mkazi wanga anabweretsa keke yosanjikiza. Sipoko anafika pa njinga yake, malaya omwe aja a manja aatali, n'kuyamba kuseketsa anthu asanakhale n'komwe. Chakudya anangochitola pang'ono, fanta anakana. Ndinaona mkazi wanga akusuntha mbale ya nyama yamchere kuichotsa patsogolo pake, mwakachetechete, ngati mmene amachitira mkazi kwa mwamuna wake.

Titadula keke kumwamba kunada, mvula n'kuyamba kuwaza. Mulungu andikhululukire, ndinasangalala.

"Sipoko, sungapalase pamvula," ndinatero mokweza. "Tikakutula ife."

"Ayi achimwene, ndidikira ikate. Njinga singakwane m'galimoto ya alamu."

"Ikwana. Bweretsa."

Anthu onse anatuluka kukhonde kudzatiperekeza. Ndinabweza galimoto chammbuyo mpaka pamasitepe, ndinatsegula buti, ndinagwira njinga ngati ndikufuna kuinyamula, kenaka ndinagwira m'chiuno.

"Mayo, msana uja wayambanso. Mayi a ana, tathandizani, mvula ikukula."

Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Munthu anganame ndi pakamwa, koma manja ozolowera ntchito sadziwa kunama, makamaka akamafulumira. Mkazi wanga anayang'ana kumwamba, anayang'ana Sipoko amene anali atayamba kunyowa, ndipo sanaganizenso kawiri. Anakoka timakoko, mipando n'kugwa. Anapisa m'thumba la chitseko n'kutulutsa sipanala ndi kansanza. Anamasula buleki, anachotsa tayala, manati anawabwezera, foloko anaikulunga. Njinga inalowa chammbuyo, tcheni pamwamba, handulo yopotoza. Tayala analimangirira ndi mphira n'kutsomeka kunsi, wopanda mfundo.

"Eee, koma mlamu!" anatero mlongo wanga akuwomba m'manja. "Ngati malemu bambo ndithu!"

"Ngati bambo ndithu," ndinavomera. "Funsani kuti anamuphunzitsa ndani."

Mkazi wanga anatembenuka, sipanala ili m'manja. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona nkhope yake ikuzindikira kuti msana wanga uli bwinobwino.

"Bambo a ana, musatero. Osati pano."

"Pano pomwe! Uwauze amayi kumene umapita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Uwauze amene amagona pampando wa galimoto iyi, amene umamupukuta thukuta pakona, amene umamuphikira kampoto kake!" Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe pamaso pa anthu. Ndinatulutsa mphira ija m'thumba n'kuiponya pamapazi a amayi. "Mwana wanu wokondedwa uyu akugona ndi mkazi wanga!"

Mvula inkagunda pamalata. Ana anga anali ataima pakhomo, keke ili m'manja. Azakhali anagwira pakamwa. Amayi oyandikana nawo aja sanaphethire n'komwe, kuopa kuphonya kanthu.

"Achimwene," anatero Sipoko, "tiyeni m'nyumba ndikuuzeni."

"Undiuze chiyani, galu iwe?"

Anatembenuka kuti alowe. Ndinamugwira mkono wamanzere, pamwamba pa dzanja, n'kumukoka ndi mphamvu zanga zonse.

6

Kukuwa kumene anakuwa sindikufuna kudzakumvanso. Mkazi wanga anandikankha pachifuwa mpaka ndinagwera pa buti.

"Mkonowo ayi! Mwamupha, mwamupha!"

Malaya a Sipoko anayamba kufiira kuchokera m'chigongono, mofulumira ngati wina watsegula mpopi. Mkazi wanga anang'amba mkono wa malayawo. Pansi pake panali pulasitala yomatuka, ndi mtsempha wotupa wokhotakhota, wodzaza zipsera za singano. Anaupanikiza ndi mpango wake, magazi akutuluka m'mipata ya zala.

"Tulutsani njingayo! Msanga! Alamu, gonani, kwezani mkono!"

Mwamuna wa mlongo wanga anakoka njinga n'kuiponya pamatope. Tinamugoneka Sipoko m'buti momwemo, mkazi wanga atagwada pambali pake osachotsa dzanja. Anandiponyera makiyi osandiyang'ana.

"Chipatala chachikulu, khomo lakumbuyo, kwa a impso. Yendetsani!"

Ndinayendetsa, mawaipa akuthamanga, mutu uli mbuu. Kumbuyo ndinkamva mkazi wanga akulankhula ndi mng'ono wanga kuti asagone, akumufunsa mitengo ya masipoko ndi machubu, chilichonse choti ayankhe. Titafika anamwino anamuthamangira ngati munthu wawo. Mmodzi anamutchula dzina, wina anafunsa mkazi wanga kuti, "Alamu ake, chachitika n'chiyani? Dzulo tinamutulutsa ali bwinobwino." Aliyense pamalo amenewo ankadziwa nkhani ya m'bale wanga kupatula ine.

Tinakhala pabenchi, pakati pathu pali malo okwana anthu awiri. Diresi lake linali lofiira mpaka m'mawondo. Analankhula akuyang'ana khoma, mawu opanda ukali, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa.

Impso za Sipoko zinali zitasiya kugwira ntchito. Masiku atatu aja ankapita kukalumikizidwa ku makina osefa magazi, ndipo mtsempha wa pamkono uja madokotala anaukonza kuti azilowetsapo singano. Suyenera kufinyidwa kapena kunyamulira cholemera. Ankachoka panyumba pa njinga kuti anthu asadziwe n'kukauza amayi, amene mtima wawo ndi wofooka. Popita ankatha, koma pobwerera ankakhala wopanda mphamvu. Tsiku lina mkazi wanga, akuchokera kopereka keke, anamupeza atakhala m'ngalande, njinga itagwa, akusanza. Anamutola. Poti iye sakananyamula njingayo, anakhala pansi n'kumamuuza ndi pakamwa momasulira tayala.

"Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni," anatero. "Ndinamuchonderera sabata iliyonse. Anavomera kuti akuuzani mawa, phwando la amayi likatha. Ndinakunamizani, ndipo bodzalo landidya tsiku lililonse. Koma inu munapeza mphira ija liti?"

Ndinamuuza.

"Ndiye nthawi yonseyi munali nayo m'thumba, mukudya chakudya changa, mukugona pambali panga, mukukonza tsiku loti mudzandivule pamaso pa ana anga."



7

Magazi anasiya kutuluka, koma mtsempha uja unawonongeka, moti anachita kumuika kapaipi pakhosi podikira kukonza wina. Amayi anagonekedwa masiku angapo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Nkhani imene Sipoko ankafuna kuwauza pang'onopang'ono anaimva pakhonde, pamvula, mwana wawo akukha magazi.

Nditaloledwa kulowa ndinagwada pambali pa bedi lake. Ndinalira, ndinapepesa, kenaka ndinanena chimene ndinkaona kuti chikonza zonse.

"Ndikupatsa impso yanga. Mawa lomwe andiyeze."

Anamwetulira mofooka. "N'chifukwa chaketu sindinakuuzeni, achimwene."

"Bwanji? Ukuganiza kuti ndikanakana?"

"Ayi, mukanapereka tsiku lomwelo. Inu simumana. Koma mukapatsa munthu chinthu mumakhala nacho m'maso. Jekete munandipatsa ija, mpaka lero mukandiona nditavala mumauza anthu kuti inali yanu. Ndiye impso? Ndikanamwa madzi mukanati ndikuwononga impso yanu. Ndimafuna ndiyambe ndalimba mtima." Anapuma pang'ono. "Alamu anandinyamula miyezi yonseyi, sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi."

Owerenga, apa ndiyenera kunena chinthu chochititsa manyazi kuposa zonse. Nditamva mawu amenewo nsanje sinathe. Inangotembenuka. Poyamba ndinkachitira nsanje mng'ono wanga chifukwa cha mkazi wanga, tsopano ndinayamba kuchitira nsanje mkazi wanga chifukwa cha mng'ono wanga. M'bale wanga wa bere limodzi, atayang'anizana ndi imfa, anasankha kudalira mwana wa eni ake, ine ndilipo.

Nditafika kunyumba ndinapeza masutikesi ali pabalaza, zitini zophikira makeke zili m'makatoni. Ana anali kale kwa mchemwali wa mkazi wanga.

"Mayi a ana, chonde. Ndinalakwitsa. Aliyense akanaona zimene ndinaona akanaganiza chimodzimodzi."

"Kuganiza sindikukuletsani. Nanenso ndikanaganiza. Mukanatseka chitseko cha kuchipinda n'kundikalipira, ngakhale kunditukwana, ndikanapirira, chifukwa ndinali ndi mlandu wobisa. Koma inu munanamizira msana kuti ndigwade pamatope pamaso pa apongozi anga, ndidzigwiritse ndekha ngati mbava. Munandiyeza ngati galimoto yangozi." Ananyamula katoni. "Ndipo pamene ndinkamanga tayala lija ndinakuonani. Munkamwetulira."

Zimenezo sindikanakana, chifukwa ndinkamwetuliradi.

8

Papita miyezi tsopano. Anandiyeza, ndipo madokotala akuti impso yanga ingamuyane. Sipoko sanavomere, sanakanenso, amangoti tiona. Ndinamupempha kuti ndizimutenga ine kuchipatala, anayankha mwaulemu kuti ndisavutike, alamu anazolowera. Choncho masiku atatu aja mkazi wanga amapitabe kukamutenga, tsopano mosabisa, mpaka pageti. Anthu a mumsewu umenewo, amene anamva nkhani ya pakhonde m'mawa mwake momwe, amaloza ndi milomo. Chitonzo chimene ndinamupaka chikumutsatabe, chifukwa bodza limathamanga ndipo chilungamo chimabwera wapansi. Makasitomala ena a makeke a ukwati anamuthawa.

Kuntchito akunditchabe Diso, ndipo ndikamva ndimachita manyazi. Zonse zimene ndinaona zinali zoona. Mafuta a tcheni analipo, mphira inali ya Sipoko, mkazi wanga ananamadi, anamupukutadi thukuta. Sindinaphonye kanthu ngakhale kamodzi, koma ndinaphonya nkhani yonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Inu amene mukuwerenga muli ndi kanthu kanu m'thumba, kaya ndi uthenga munauona pa foni, kaya ndi fungo lachilendo pa malaya, sindikukuuzani kuti mnzanuyo ndi wosalakwa. Sindikumudziwa. Mwina akukuzemberanidi. Koma katulutseni lero, muli awiri, chitseko chili chotseka, ndipo mufunse ngati munthu wofuna yankho. Mukayamba kusankha tsiku ndi anthu oti adzaonerere, dziwani kuti simukufunanso choonadi, mukufuna kupambana. Ine ndinapambana pamaso pa banja lonse, ndipo ndimadya ndekha.

Loweruka lapitali ndinapita kwa mchemwali wa mkazi wanga kukatenga ana. Mkazi wangayo ndinamupeza pakhonde akukongoletsa keke, ufa uli m'masaya. Ana atathamangira kugalimoto ndinatsala, ndikusinthasintha makiyi m'manja.

"Mayi a ana, ndifunseko chinthu chimodzi."

"Funsani."

"Kodi mudzabwerera?"

Anamaliza kaye duwa limene ankaumba, naliyang'ana, nalikonza pang'ono ndi nsonga ya mpeni. Kenaka anadzutsa mutu. M'maso mwake munalibe ukali, munali kutopa kokha.

"Mwayamba kufunsa tsopano?" anatero, n'kunyamula keke yake kulowa nayo m'nyumba.